Liwu lakuti organ ndi usiku wa kuchipatala uja

Mayi wina amene amasamalira okalamba ku Manchester wandilembera imelo. Akuti pafomu ya laisensi ya galimoto anapezapo funso la organ donor, pomwe mwana wake akuphunzira kuimba organ kutchalitchi. Ndiye akufunsa kuti liwu limeneli tanthauzo lake lenileni ndi liti.

Achemwali, mwandikhudza pachilonda. Imelo yanu yakhala masiku atatu ndisanaiyankhe, chifukwa liwu limeneli lili ndi mbiri m'banja mwathu.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, amalume anga anagonekedwa m'chipatala china. Anayamba ndi malungo, kenaka maso anachita chikasu, mkodzo unasiya kutuluka. Pabanja ponse wodziwako Chingerezi ndinali ine, choncho dokotala atabwera usiku, azakhali anandikankhira kutsogolo. Ndikukumbukira kuti anali atanyamula kontena ya phala limene amalume analikana kuyambira m'mawa. Dokotalayo anali wotopa, anayankhula mwachangu, ndipo mawu amene ndinagwira anali akuti multiple organ failure. Kusukulu tinaloweza kuti organ ndi chiwalo. Ndinatembenuka n'kunena kuti, "Akuti ziwalo zafa."

Inu mukudziwa chimene Mchewa amamva ukati munthu wafa ziwalo. Amaona munthu wa sitiroko, mkono uli lende, mwendo ukukokedwa pansi. Azakhali anapumira m'mwamba nati, "Bola moyo, tidzawasamala." Anayamba kufunsa za njinga ya olumala. Mwana wawo wamkulu anali ku Johannesburg, ndipo anamuuza pafoni kuti asathamange, adikire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Patapita masiku awiri amalume anatisiya. Zimene zinasiya kugwira ntchito zinali impso ndi chiwindi. Mwana uja anapeza manda atakwiriridwa kale, ndipo mpaka lero ndikakumana naye mtima umandilemera.

Ndiye mundimvetse ndikamalimbikira mfundo iyi: organ ndi chiwalo si zinthu zofanana ndendende. Kwa ife mkono ndi chiwalo, mwendo ndi chiwalo, mtima nawonso ndi chiwalo, ngakhale mkhristu timati ndi chiwalo cha mpingo. Mngerezi mkono ndi mwendo amaziika pa liwu lina, lakuti limb. Akati organ akunena mtima, mapapo, chiwindi, impso, kapamba, ubongo, diso, ngakhale khungu, limene madokotala amati ndilo lalikulu kuposa zonse. Zambiri mwa izi ndi zomwe pachiwaya timangoti zam'kati. Nthawi zina, akachita manyazi, liwu lomweli amatchulira maliseche, monga ife timanenera kuti ziwalo zobisika.

Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu ndekha. Lero ndimaona kuti mlanduwo ndi waukulu kuposa mwana wa sukulu amene anaikidwa pakati. N'kulakwa kuti nkhani ya moyo ndi imfa iperekedwe m'Chingerezi kwa mayi wa kumudzi, pamene wonenayo ndi womverayo onse anayamwa Chichewa. N'kulakwanso kuphunzitsa ana ngati kuti liwu lililonse la Chingerezi lili ndi mnzake mmodzi wa Chichewa amene akulidikirira tsidya lina. Ndipo aliyense womasulira pafupi ndi bedi la wodwala, ndikumupempha, atchule dzina la chinthucho. Anene kuti impso zaleka kusefa magazi. Azakhali akadamva mawu amenewo, akadauza mwana wawo kuti akwere basi usiku womwewo.

Chimene chinandimasula maganizo ndi pamene ndinadziwa kumene liwuli linachokera. Ndi la Chigiriki, organon, kutanthauza chida chogwirira ntchito. Mabuku a Aristotle, katswiri wakale wa nzeru wa ku Greece, ophunzitsa kaganizidwe kolongosoka anawasonkhanitsa pansi pa dzina lomweli, Organon, poti ndi chida cha nzeru. Ukagwira muzu umenewu, nthambi zonse zimaoneka. Impso ndi chida cha thupi, chili ndi ntchito yakeyake mkati mwa chinthu chachikulu. Limba la mwana wanu ndi chida cha nyimbo.

Za limba ndiye ndisayambe, ndingachezere. Loyamba analipanga Ctesibius wa ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndipo linkagwiritsa ntchito madzi pokankha mpweya kuti ulowe m'mipope. Kutchalitchi kwathu kunali kakang'ono kopopa ndi mapazi. Mkulu wa mpingo amene ankaliimba ankavula nsapato kaye, ndipo mbewa zitaboola chikumba cha mpweya, ankapopa mpaka thukuta kunyowetsa kolala kuti nyimbo ifike kumapeto. Mwana wanuyo mumulimbikitse. M'matchalitchi akale a ku England muli malimba a mipope mazanamazana, ndipo kuliza limodzi mwa amenewo kumafuna manja onse ndi mapazi omwe. Kaja koimba ndi pakamwa, kamene anyamata ankayenda nako m'thumba, nakonso amakatcha mouth organ.

Palinso tanthauzo la ku boma ndi ku ndale, limene timalimva pawailesi osaliganizira. Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 amatchula nthambi zitatu za boma ndi liwu lomweli: nthambi yolamula, Nyumba ya Malamulo ndi makhoti. Bungwe la United Nations lili nazo zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo Security Council, yoona za mtendere ndi chitetezo, ndi khoti la dziko lonse la ku The Hague. SADC inakhazikitsa yake yoona za ndale ndi chitetezo mu 1996, ndipo atolankhani amangoti Organ basi. Nyuzipepala imene imayankhulira chipani nayonso ndi organ. Malawi News inayamba mu 1959 ngati pakamwa pa Malawi Congress Party, monga Pravda inalili kwa chipani cha Chikomyunizimu ku Soviet Union. Mawu akuti organise ndi organisation ndi ana a m'nyumba yomweyo.

Tsono za fomu yanu ija

Akukufunsani ngati mukulola kuti mukadzamwalira, mtima, impso, chiwindi kapena mapapo anu adzaikidwe mwa wodwala wina. Si zachilendo: dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu mwa mnzake ku Cape Town mu 1967. Dziwani kuti ku England, kuyambira mu May 2020, munthu wamkulu amene wakhalako kopitirira chaka amatengedwa ngati wavomera pokhapokha atalembetsa kuti sakufuna, ngakhale abale amafunsidwabe nthawiyo ikafika. Kuvomera kapena kukana ndi kwanu, ndipo mukhoza kusintha maganizo. Koma mukasankha, imbani foni kumudzi muwafotokozere m'Chichewa, mutchule impso, mutchule mtima, kuti tsiku limenelo pasadzakhale mwana woimikidwa kutsogolo kwa dokotala kuti amasulire.