Kodi angandimange chifukwa chodzudzula asilikali pa Facebook? Yankho kwa achemwali a ku Mangochi

Achemwali, meseji yanu ndaiwerenga yonse, pepani kwambiri ndi zomwe zamuonekera mlongo wanuyo. Ndikuyankhani pompano pagulu osatchula dzina lanu chifukwa funso lanuli anthu ambiri ali nalo koma amangolimeza.

Kwa ena amene mukuwerenga, nkhani yake ili chonchi. Mlongo wawo amayendetsa kabaza wa njinga yamoto kuno ku Mangochi, nde tsiku lina anasemphana mawu ndi anthu awiri ovala yunifolomu ya usilikali pa nkhani ya ndalama ya ulendo, anthuwo anamumenya ndi lamba ndi kumugubuduza m'matope anthu akuonerera, mpaka pano dzanja ndi lotupa sakutha kugwira handulo. Achemwaliwa analemba pa Facebook kuti izi ndi nkhanza. Pasanathe tsiku amalume awo ndi anthu a mu gulupu ya WhatsApp ya kumudzi anayamba kuwauza kuti fufutani msanga, asilikali sanenedwa, mutiputira mavuto, ena mpaka kuwanena kuti ndi osayamika anthu amene amatiteteza. Nambala ina yachilendo yaimbanso kuwaopseza. Akufunsa ngati alakwira lamulo, ngati angamangidwe, komanso kuti mlongo wawoyo chilungamo akachipeza kuti.

Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. M'Malawi muno mulibe lamulo loti msilikali sadzudzulidwa. Mulibe, olo mutasanthula mabuku onse. Gawo 34 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, limakupatsani ufulu wokhala ndi maganizo anu, gawo 35 limakupatsani ufulu wowalankhula, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti ufuluwu umathera pa geti ya baraki. Gawo 19 limati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa ndipo munthu asazunzidwe kapena kupatsidwa chilango chankhanza ndi chonyazitsa, nde kugubuduza munthu wamkulu m'matope pamaso pa makasitomala ake ndi chimenecho ndithu. Malamulo omwewo pa gawo 160 ndi amene amanena ntchito ya asilikali, kuteteza malire a dziko, kuteteza ulamuliro wa malamulo, kuthandiza boma pa nthawi ya ngozi ndi kukagwira ntchito kunja malinga ndi mapangano a dziko lathu. Kulanga anthu wamba mumsewu mulibemo. Olo mlongo wanuyo akanakhala kuti walakwadi, njira yake inali kumupereka kupolisi basi, woweruza ndi khothi.

Komatu amalume anuwo musawakwiyire, mantha awo ali ndi pochokera. Anthu amene anakula nthawi ya chipani chimodzi amadziwa kuti mawu amodzi onena boma amatha kumufikitsa munthu ku Mikuyu osaonekera ndi kukhothi komwe, nde thupi linazolowera kuti ukaona yunifolomu tseka pakamwa. Mbali inanso si mantha koma chikondi chenicheni, ndipo ine ndemwe ndili nacho. Ndi asilikali amene analanda zida a Payoniya mu December 1993 pa Operation Bwezani. Mu April 2012 a Bingu wa Mutharika atamwalira, anthu ena akufuna kukhotetsa zinthu, asilikali anaima pa malamulo mpaka mayi Joyce Banda analumbiritsidwa. Mu 2019 pa zionetsero zija tonse tinaona anthu akuwaombera m'manja asilikali akafika. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 anali m'matope kufukula anthu ndi kuwolotsa ena pa maboti, ndipo Chancy Chitete anafera ku DRC mu 2018 akupulumutsa mnzake wovulala mpaka United Nations inamulemekeza ndi mendulo. Zonsezi ndi zoona. Koma taonani bwinobwino, ulemu umenewu anaupeza chifukwa choima kumbali ya malamulo ndi anthu wamba, nde munthu amene wavala yunifolomu yomweyo n'kumakamenya wakabaza chifukwa cha ndalama ya ulendo ndi amene akuinyozetsa, osati inu amene mwanena. Paja akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo si inu oyamba kufunsa mafunso. Ndege ya asilikali itagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 n'kupha a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, dziko lonse linafunsa mafunso olimba poyera, komiti yofufuza inakhazikitsidwa ndipo akuluakulu a asilikali anakayankha. Ku Nyumba ya Malamulo kuli komiti ya Defence and Security imene gawo 162 la malamulo aakulu aja linaikhazikitsa, ntchito yake ndi yomweyo yoyang'anira za chitetezo m'malo mwa inu ndi ine, chifukwa malipiro awo, mafuta a galimoto zawo ndi nsapato zomwe ndi misonkho yathu.

Tsopano apa mumvetsere, chifukwa sindikufuna mutenge yankho langali ngati chilolezo cholemba chilichonse. Malamulo awiri amene kale ankagwiritsidwa ntchito kutseka anthu pakamwa anachoka. Mlandu wa sedition, uja woti wadzutsa chidani pa boma, aphungu anauchotsa mu Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, mu 2022. Kenako mu July 2025 High Court itakhala ngati bwalo lotanthauzira malamulo aakulu inagamula pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya wina, likutsutsana ndi ufulu wolankhula, ndipo chosangalatsa n'choti mlandu umenewo unayambira pa zomwe ankati analemba zokhudza mkulu wa asilikali wa nthawi imeneyo. Nde wina akakuuzani kuti tikumangitsani chifukwa mwaipitsa mbiri ya abwana, dziwani kuti njira yomwe yatsala kwa iye ndi kukasuma yekha kukhothi kufuna chipukuta misozi, ndipo kumeneko ngati zomwe munanena ndi zoona ndipo muli ndi umboni, chimenecho ndi chishango chanu.

Koma malamulo ena alipobe ndipo apolisi amawagwiritsa ntchito. Lalikulu ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, gawo 87, lomwe limakamba za munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza akugwiritsa ntchito foni kapena intaneti kusowetsa mnzake mtendere popanda cholinga chenicheni, chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Positi imodzi yofotokoza zomwe zinachitika, mmene ine ndikuonera, siikwana pamenepo ngakhale pang'ono, koma mukayamba kumulondola munthu ku inbox tsiku ndi tsiku, kumutukwanira makolo ake, kuika chithunzi cha mkazi wake ndi ana, mwawapatsa pogwira. Mu Penal Code mulinso mlandu wofalitsa nkhani yabodza yoti ingadzetse mantha pakati pa anthu, wina wa mawu achipongwe oti angayambitse chisokonezo, ndi wina waukulu kwambiri wonyengerera asilikali kuti agalukire akuluakulu awo. Komanso malo a asilikali ndi otetezedwa ndi lamulo, monga ku Monkey Bay kuja kuli asilikali apamadzi, musakayerekeze kukajambula mkati kapena kulemba za zida ndi mayendedwe awo poganiza kuti mukusonkhanitsa umboni.

Positi yanu ndaiona pa sikirinishoti yomwe munatumiza. Ndime yoyamba ili bwino, mwanena tsiku, malo ndi zomwe zinachitika. Chomwe ndingakupempheni ndi kuchotsa mzere uja mwalemba kuti onse ndi zigawenga, chifukwa simungautsimikize komanso ukupangitsa anthu kukangana za mzerewo m'malo mwa dzanja la mlongo wanu. Lembani zomwe mboni zinaona basi, anthu awiri, ovala mwakuti, nthawi yakuti. Ndipo muzinena kuti ovala yunifolomu ya usilikali mpaka zitatsimikizika, chifukwa aliponso anthu wamba amene amavala zimenezi kuti aziopedwa, umenenso ndi mlandu pawokha. Musanasinthe kalikonse jambulani positi yonse ndi makomenti ake musunge.

Za mlongo wanu, chinthu choyamba mawa m'mawa ndi kupolisi kukadandaula, akamupatse kalata yopita nayo kuchipatala kuti adokotala akalembe lipoti la mabala. Apa ndi pamene milandu yambiri yotere imafera, munthu amakhala kunyumba akuthowa ndi madzi otentha milungu iwiri, pofika kuchipatala zotupa zaphwa, mikwingwirima ya lamba yazimirira, adokotala alemba chani? Lero lomwe mujambuleni msana ndi dzanjalo pa kuwala kwa dzuwa, malaya amatope aja musachape, asungeni mu jumbo. Malisiti a mankhwala sungani, ndipo alembe mu kope masiku onse amene sanagwire ntchito ndi ndalama yomwe amapeza pa tsiku, chifukwa zimenezo ndi zomwe khothi limawerengera pa chipukuta misozi. Anzake a pa siteji amene anaona, tengani mayina ndi manambala awo panopa mitima ikadali yotentha, pakatha mwezi aliyense amayamba kunena kuti ine ndinali kutali. Ngati wina anajambula vidiyo, akutumizireni yoyambirira yeniyeniyo.

Kupolisi akalembetse sitetimenti, aiwerenge kapena amuwerengere asanasayine, ndipo mufunse nambala ya fayilo ndi dzina la wapolisi amene akufufuza. Kumenya munthu mpaka kumuvulaza ndi mlandu pa gawo 254 la Penal Code, ngati fupa lathyoka ukhoza kukwera kufika pa gawo 238 lovulaza kwambiri, ndipo msilikali akapalamula kwa munthu wamba apolisi ali ndi mphamvu yofufuza ndipo akhoza kukaimirira pamaso pa majisitireti ngati wina aliyense. Kwawonso ali ndi malamulo awo a Defence Force Act, apolisi awo achisilikali ndi khothi lawo, nde ndi bwino kulembanso kalata yodandaula kwa mkulu wa asilikali ku likulu lawo ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, kalata yaulemu, yaifupi, yokhala ndi tsiku, malo ndi fotokope ya lipoti la kuchipatala. Musadabwe, akuluakulu ambiri kumeneko nkhani ya mwambo saisekerera. Koma khothi la asilikalilo ndi la asilikali, inu munthu wamba simungakazengedwe kumeneko chifukwa cha positi, ndipo wina akakuimbirani kuti bwerani ku baraki tidzakambirane, simukukakamizidwa kupita, muuzeni kuti tikakumane kupolisi ine ndili ndi loya wanga.

Ndikudziwa kuti nthawi zina wapolisi wa pa kauntala akangomva kuti nkhaniyi ikukhudza asilikali amayamba kuzengereza, kukuuzani kuti kakambiraneni. Mukaona choncho pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo, zikakanika lemberani a Independent Complaints Commission amene amamva madandaulo okhudza apolisi, iwowa za asilikali sakhudza koma za wapolisi wokana kugwira ntchito yake amamva. Nkhani ya nkhanzayo payokha ipititseni ku Malawi Human Rights Commission, kudandaula kumeneko ndi kwaulere ndipo ali ndi mphamvu yofufuza. A Ombudsman aliponso, komanso phungu wa dera lanu akhoza kuitengera ku komiti ya Defence and Security ija.

Za chipukuta misozi ndi mlandu wina wapadera umene mlongo wanu amasuma yekha. Ngati anthuwo anali pa ntchito, amene amasumiridwa ndi boma kudzera kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo lamulo limafuna kuti muyambe mwapereka chidziwitso cholemba ndi kudikira miyezi 3 musanatsegule mlandu, nde musachedwe poti milandu ili ndi malire a nthawi. Ngati anali pa zawo, kokayenda, mukhoza kuwasumira iwowo mwachindunji, n'chifukwa chake kuwazindikira mayina kuli kofunika. Ndalama ya loya ikavuta pitani ku Legal Aid Bureau, anakhazikitsidwira anthu ngati wakabaza ameneyu, ndipo ngati nkhani yafika ku High Court ife a Mangochi timapita ku Zomba.

Nambala yokuopsezaniyo musaibuloke msanga, lembani tsiku ndi nthawi imene yaimba, mawu amene ananena, meseji iliyonse isungeni, mukapereke kupolisi ngati dandaulo lachiwiri chifukwa kuopseza munthu ndi mlandu pa gawo 88 la Penal Code. Masiku ano manambala analembetsedwa ndi chiphaso, mwini wake akhoza kupezeka. Ndisakunamizeni kuti poti lamulo lili mbali yanu ndiye kuti palibe chingachitike, mtolankhani Gregory Gondwe anabisalapo kumayambiriro kwa 2024 atalemba nkhani yokhudza ndalama za ku usilikali, nde masiku ano musamayende nokha usiku ndipo abale awiri atatu adziwe zonse zomwe zikuchitika.

Zitachitika kuti apolisi akutengani chifukwa cha positiyo, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko likuti akuuzeni chifukwa chake m'chilankhulo chomwe mukumva, kaya Chichewa kaya Chiyao, muli ndi ufulu wokhala chete, ufulu woonana ndi loya, ndipo akufikitseni kukhothi pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khothi likugwira ntchito ngati maolawo athera pa wikendi. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Musalimbane nawo, musasayine pepala lomwe simunalimve, ndipo akafuna kulowa mu foni yanu afunseni mwaulemu ngati ali ndi chilolezo cha khothi.

Amalumewo akhazikeni pansi muwawerengere yankholi, ngati angavomere apite nawo limodzi kupolisi mawa, munthu wamkulu akakhalapo wapakauntala amachita manyazi kukubwezani. Mukatenga lipoti la kuchipatala ndi nambala ya fayilo munditumizire ku inbox, ndikuthandizani kulemba kalata ya ku likulu ndi ya ku Human Rights Commission.