Gemu yogula pa Steam: chilolezo ndi chanu, umwini si wanu

Achimwene, mwafunsa ngati gemu yomwe munagula pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, muno mu Johannesburg mungaigulitse kapena kumusiyira mphwanu mukabwerera kumudzi. Yankho ndi lakuti simungathe, chifukwa mgwirizano womwe munavomereza potsegula akaunti umanena kuti kampani ya Valve, yomwe ndi mwini wa Steam, imakupatsani chilolezo chosewera gemuyo, osati umwini wake, ndipo akauntiyo saloleza kuipereka kwa munthu wina. Kuyambira mu 2024, Steam imalemba zimenezi poyera munthu asanalipire.

Chomwe chimamangirira gemu ku akaunti ndi pulogalamu yoletsa kukopera, yotchedwa DRM. Ina, monga Denuvo, imafuna kuti kompyuta izilumikizana ndi intaneti nthawi ndi nthawi kuti itsimikize chilolezo, zomwe zingakusowetseni mtendere kumudzi komwe netiweki imavuta komanso bandulo ndi yodula. Oopsa kwambiri ndi magemu omwe sayenda popanda kulumikizana ndi seva, kompyuta yaikulu ya kampani. Kampani ya Ubisoft itatseka maseva a gemu ya The Crew mu Marichi 2024, onse omwe anaigula analephera kuisewera, ngakhale omwe anali ndi disiki m'manja, ndipo kwa ine kumeneko n'kulanda.

Langizo langa ndi lakuti muziyamba mwayang'ana pa GOG, sitolo ina ya pa intaneti komwe magemu amagulitsidwa opanda DRM. Kumenekonso mumagula chilolezo, koma mumatsitsa fayilo yoikira gemu n'kuisunga nokha, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Ngati ya pa Steam mwaigula chaposachedwa, ndalama amabweza pasanathe masiku 14, malinga ngati simunaisewere kupitirira maola 2.