Mankhwala a mtima akukufooketsani? Musawasiye panokha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagulitsa nsomba pa msika wa Mangochi boma. Akuti mtima wawo unkathamanga ngakhale atangokhala, ndipo kuchipatala anawapezanso ndi BP. Anawapatsa mankhwala a BP otchedwa atenolol ndi HCT (hydrochlorothiazide). Chiyambire kumwa, thupi lili lefu, akadzuka pampando amachita chizungulire, mapazi amazizira. Anasiya masiku anayi, mtima n'kuyamba kugunda koposa kale. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi mankhwalawa ndi amene akundiwonongera mtima? Ndiwasiyiretu?"

Amayi, pepani ndi zimene mukudutsamo. Yankho langa ndi lakuti musasiye panokha, komanso musangopirira mwakachetechete. Bwererani kumene anakulemberani mankhwalawo sabata ino, osadikira deti lomwe lili m'buku lanu la kuchipatala.

Zomwe zinakuchitikirani pa masiku anayi aja n'zodziwika bwino. Atenolol, monganso mankhwala ena ofanana nawo otchedwa propranolol, amatchinga mphamvu ya adrenaline, imene imafulumizitsa mtima munthu akachita mantha kapena akathamanga. Thupi likazolowera kutchingidwako, inu n'kusiya mwadzidzidzi, mtima umadumpha ngati mbuzi yodula chingwe. BP imakwera, ndipo kwa munthu amene mitsempha ya mtima wake ndi yopapatiza, apa ndi pamene chifuwa chimatha kumanga. Ndiye chifukwa chake a dokotala akafuna kuti musiye, amatsitsa mlingo pang'onopang'ono. Mtima wanu sunawonongeke ndi mankhwalawo. Unadzidzimuka chifukwa cha kusiyako.

Kufooka ndi kuzizira mapazi n'zoona, simukunamizira. Atenolol amachita zimenezo, ndipo kwa ambiri zimachepa pakapita masabata angapo. Koma chizungulire chija chikundikayikitsa HCT pamodzi ndi dzuwa lathu lino. HCT amakodzetsa. Inu mwakhala tsiku lonse pa benchi, malata akuwotcha, thukuta kamukamu, madzi mukumwa pang'ono poopa kupitapita kuchimbudzi n'kusiya nsomba zokha. Madzi akachepa m'thupi, BP imagwa mukaimirira, ndipo mtima umafulumira kuti ubwezere. HCT amachepetsanso mchere wotchedwa potassium m'magazi, zomwe zimatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Imwani HCT m'mawa, khalani ndi botolo la madzi pafupi, ndipo podzuka muyambe mwakhala kaye m'mphepete mwa bedi. Ngati mumasala pa Ramadan, kambiranani ndi a dokotala mwezi usanayambe za nthawi yomwera.

Amayi anga akhala pa mankhwala a BP zaka zambiri, ndipo chimene chinatithandiza kwambiri ndi kope la ana asukulu. M'mawa uliwonse amakhala pamkeka mphindi 5, kenako amaika zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, ine n'kuyang'ana nthawi pafoni. Timawerenga mphindi yathunthu. Munthu wamkulu akapuma, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Timalemba nambala, nthawi, zomwe amachita, komanso ngati kugundako kunali kwadongosolo kapena kodumphadumpha. Tsiku lomwe tinapita nalo kopelo, a clinical officer analiwerenga tsamba ndi tsamba, n'kutsitsa mlingo. Kale tinkangoti "mtima ukuthamanga", mawu amene kwathu kuno amatanthauza BP, mantha, nkhawa, zonse pamodzi, ndiye wolemba mankhwala sadziwa pogwira. Chitani chimodzimodzi. Mukapeza nambala yotsika kuposa 50 uku muli ndi chizungulire, pitani tsiku lomwelo.

Pali china chimene ndikufuna muumirire. Mtima wothamanga nthawi zambiri umangotsatira vuto lina. Kuno kunyanja, malungo ndi likodzo amamaliza magazi, ndipo kwa amayi msambo wochuluka umawonjezera. Magazi akachepa, mtima umagwira ntchito ya anthu awiri. Pemphani akuyezeni kuchuluka kwa magazi ndi malungo, akugwireni pakhosi kuona chithokomiro, ndipo funsani za ECG, kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina. Ku kiliniki ya matenda osapatsirana pa Mangochi District Hospital ndi poyambira pabwino. Zikafunika, amatumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Tengani mapaketi onse a mankhwala amene mukumwa, ngakhale a zitsamba ndi ogula pa golosale. Salbutamol wa mphumu amafulumizitsa mtima, mankhwala ena a chimfine nawonso, ndipo munthu wa mphumu sayenera kumwa propranolol. Tiyi wambiri wowirira, khofi, fodya ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zadzaza m'mafiliji, zichepetseni.

Mukafika, nenani zonse osachita manyazi, ngakhale zoti munasiya masiku anayi. Mankhwala a BP alipo amitundu ingapo, ndipo aliyense ali ndi khalidwe lake: amlodipine amatupitsa mapazi kwa ena, enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatha. Kusintha n'kotheka. Abambo amene mukuwerenga, atenolol ndi HCT amatha kuchepetsa mphamvu za m'nyumba, ndipo ambiri amataya mankhwala chifukwa cha ichi osauza munthu. Kaneneni, pali mankhwala ena oti angakupatseni.

Usiku mtima ukayamba, khalani tsonga, masulani chomanga m'chiuno, pumirani mkati pang'onopang'ono ndi kutulutsa mpweya motalikitsa, sukusulani ndi madzi ozizira. Koma ukabwera ndi ululu pachifuwa wofika kumkono kapena kunsagwada, kubanika, thukuta lozizira, kukomoka, kapena pakamwa kupotoka, musadikire kuti kuche. Dzutsani a m'nyumba, itanani galimoto kapena njinga yamoto, wina akugwirireni kumbuyo, buku la kuchipatala ndi mankhwala zili m'manja.