Ukufuna kukonza mapiko a makina a mphepo? Yamba wagwira sipanala

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Kapata konkuno ku Chipata, anamaliza giredi 12 chaka chatha. Akuti anaona pa TikTok anthu atalendewera pa zingwe akukonza mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo, mtima wake uli pomwepo, koma atate ake akuti akachite zauphunzitsi basi, ntchito zamanja ndi za olephera.

Mphwanga, ntchitoyo ilipodi. Mapikowa amawapanga ndi fibreglass (ulusi wa galasi) ndi epoxy (guluu wolimba), nsonga yake imathamanga kupitirira makilomita 250 pa ola, ndiye mvula, fumbi ndi matalala zimadya m'mphepete mpaka kubuntha ngati chikwanje chakale, mphezi nayonso imang'amba. Vuto likapanda kuonedwa msanga phiko limathyoka, ngati lija la kufupi ndi Nantucket ku America mu July 2024 lomwe zidutswa zake zinatseketsa magombe. Mapiko akatha zaka 20 kapena 25 ena amangowakwirira, ena amawadula n'kukawawotcha ku mafakitale a simenti chifukwa fibreglass siyisungunuka ngati chitsulo.

Koma ndikufunse, makinawo kuno wawaona kuti? Kenya ili nawo 365 ku Lake Turkana, ife za makina omwe akuti adzaika ku Katete timangozimva pakamwa. Ndiye chaka chathunthu uli pakhomo kukanda foni ati kudikira mphepo, zimenezo zimandinyansa ine.

Pita ku Chipata Trades ukatenge satifiketi ya craft ya TEVETA ya zamagetsi. Amene amakwera pamwamba paja ambiri anayambira pansi, kudziwa waya, mota ndi sipanala, ndipo chiyambire load shedding ya 2024 madzi atachepa ku Kariba anthu akusakasaka oika sola, udzidya uku ukuphunzira. Ukasunga kandalama ndiye uganize za SARETEC, sukulu yophunzitsa za makina a mphepo ndi sola ku Cape Town, ndi satifiketi yogwirira ntchito pamwamba ya GWO, bungwe loona za maphunziro a chitetezo pa makinawa.

Inu atate, aphunzitsi angati pa Kapata pomwepo ali ndi madipuloma m'sutikesi akudikirabe boma liwalembe? Mwana ali ndi chidwi, inu mukumuthira madzi ozizira chifukwa mukuchita manyazi ndi ovolosi?

Iwe mphwanga mutu uli nawo, nkhani unaifufuza bwino. Koma ukakwere kaye pa thanki ya madzi uyang'ane pansi, miyendo ikapanda kunjenjemera undilemberenso ndikuuze za mafomu.