Kodi matenda a Parkinson amapweteka? Yankho kwa achemwali a ku Johannesburg

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg koma kwawo ndi ku Ntcheu. Dzina sinditchula. Ndadula zina, koma mutu wa nkhani yawo ndi uwu:

"Bambo anga ali ndi zaka 69. Patha zaka zinayi chiwapezereni ndi matenda a Parkinson, ndipo amamwa levodopa amene ndimatumiza kuchokera kuno. Ife timadziwa kuti ndi matenda onjenjemera basi. Koma pano akungodandaula za ululu: phewa, msana, ndipo m'mamawa phazi lakumanja limapindika mpaka amabuula. Anawajambula koma sanapeze chothyoka. Mayi atopa, akuti mwina bambo akungokokomeza poti nkhope yawo sionetsa kuti akumva kuwawa. Achimwene akuti ndi nyamakazi ya ukalamba, atsibweni akuti akateme mphini. Panado ndi bufeni akumwa tsiku lililonse. Kodi matendawa amapwetekadi, kapena pali china?"

Achemwali, amapweteka. Bambo anu sakunama ndipo sakukokomeza. Mwa anthu odwala matendawa, oposa theka amakhala ndi ululu wosatherapo, ndipo alipo ambiri amene ululuwo umawasautsa kuposa manjenje amene tonse timawaona.

Ndikulemba izi ndikukumbukira malume anga, amene ndinakhala nawo nyumba imodzi zaka zisanu zomaliza za moyo wawo. Iwo chinayamba ndi phewa, kunjenjemera kusanaoneke n'komwe. Lamulungu lina m'mawa ndinawapeza ataima pakhomo la chipinda, mkono umodzi uli m'jekete, winawo ukukanika kubwerera kumbuyo kuti upeze dzanja la jeketelo. Anaima choncho kwa kanthawi, osayankhula, thukuta lili pamphumi. Tonse tinati ndi nyamakazi. Tinathowa, tinapaka mafuta, tinagula mapiritsi pa golosale. Panapita pafupifupi zaka ziwiri kuti chala chachikulu cha dzanja lomwelo chiyambe kugwedezeka, ndipo m'pamene dokotala anatiuza kuti phewa lija ndi manjenjewa ndi nkhani imodzi. Zimachitika kawirikawiri kuti phewa louma limatsogola, matenda enieniwo n'kudzadziwika pambuyo.

Nkhani ya nkhope ndiikhalire pang'ono, chifukwa ndi imene ikusokoneza mayi, ndipo ine sindikuwaimba mlandu. Kuyambira tili ana timadziwa ululu wa munthu poyang'ana nkhope: akakwinya, akaluma mano, timati zavuta. Koma matenda a Parkinson amaumitsa minofu ya nkhope monga momwe amaumitsira ya mkono. Munthu amasiya kuphethira pafupipafupi, kumwetulira kumachepa, mawu amatsika mpaka kumamveka ngati akunong'ona. Ndiye akati "msana ukundiwawa koopsa" ndi nkhope yosasintha komanso mawu ozizira, womvera amaganiza kuti n'zazing'ono. Nkhope ya bambo anu yasiya kuwachitira umboni. Chatsala ndi mawu awo okha, ndipo tiyenera kuwakhulupirira.

Dokotala wa ku London, James Parkinson, atalemba za matendawa mu 1817 anawapatsa dzina lotanthauza kulumala konjenjemera, ndipo kuyambira pamenepo maso a anthu akhala pa kunjenjemerako. Chimene chimachitika m'kati ndi chakuti timaselo ta m'kachigawo kena kakang'ono ka ubongo, kotchedwa substantia nigra, timafa pang'onopang'ono. Timaseloti ndi timene timapanga dopamine, amene amathandiza kuti thupi liziyenda mofewa. Akachepa, minofu imakhala yokungika usana ndi usiku ngati chingwe cha mbuzi imene ikukoka. Kuwonjezera apo, dopamine yemweyo amathandiza ubongo kuchepetsa mphamvu ya ululu. Choncho chinthu chimene mwa ine ndi inu chingakhale kutopa chabe kwa msana, mwa bambo chimamveka ngati moto. N'chifukwa chake chithunzi cha mafupa chimatha kutuluka choyera munthu akubuula.

Tsono ululuwu si wamtundu umodzi. Wa phewa ndi msana nthawi zambiri umachokera ku kuuma kwa minofu ndi mfundo, komanso kuwerama kumene matendawa amabweretsa. Pali wina wa mitsempha, woyaka, wobaya ngati singano kapena wadzanzi, umene umatsika kuchokera m'chiuno kukafika kuphazi ngati mtsempha wapanikizika pamsana. Palinso wovuta kuufotokoza, woti munthu amangoti "thupi lonse likuyaka m'kati" koma osatha kuloza malo. Koma wa phazi la m'mamawa uja ndimaudziwa bwino. Madokotala amautcha dystonia. Malume unkawagwira cha m'ma 4 koloko, atambala akuyamba kulira. Ndinkamva bedi likulira, ndikayatsa tochi n'kupeza phazi lapotokera m'kati, zala zinayi zapindikira pansi ngati za nkhuku yogwira pamtengo, chala chachikulu chaloza kumwamba, katumba ali gwa ngati mwala. Ukayesa kuwongola ndi mphamvu, ululu umawonjezeka. Tinkayika nsalu yofunda, n'kumasisita pang'onopang'ono kuchokera pabondo kutsika. Koma chimene chinkamasuladi phazilo ndi piritsi la m'mawa likayamba kugwira ntchito.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, achemwali. Phazi limapindika nthawi imeneyo chifukwa mankhwala amene bambo anamwa madzulo atha mphamvu m'thupi. Levodopa, mankhwala amene ubongo umawasandutsa dopamine uja, sakhalitsa m'magazi. Zaka zoyambirira ubongo umatha kusungako, ndiye munthu saona kusiyana. Zaka zikamapita, mphamvu ya piritsi lililonse imayamba kutha nthawi ya linzake isanakwane, ndipo ululu umalowera pampata umenewo. Ululu wotere bufeni sauchotsa, ngakhale amwe paketi yonse. Umafuna kuti dokotala asinthe nthawi kapena kagawidwe ka mankhwala a Parkinson omwewo.

Ndiye chimene ndikupempha ndi chotchipa kuposa zonse zimene mwatumizapo. Gulani kope la sukulu ndi bolopeni, mupatse mdzukulu amene amatha kulemba. Kwa masabata awiri azilemba ola limene agogo amwa piritsi, ola limene adya ndi chimene adya, ola limene ululu wayamba, malo ake, ndi mawu enieni amene agogowo anena: kuyaka, kukoka, kubaya, kuphwanya. Asawasinthire mawu. Ife titachita zimenezi tinaona ndi maso athu kuti msana wa malume unkavuta kwambiri cha m'ma 11 koloko ndi m'ma 5 koloko madzulo, ola limodzi piritsi lotsatira lisanakwane. Tinapita nalo kopelo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Dokotala amene poyamba ankatipatsa mphindi zochepa anakhala chete kuliwerenga, ndipo anagawa mankhwala omwewo mwanjira ina. Ululu sunathe wonse, koma malume anayambanso kugona mpaka kucha masiku ambiri. Inu musasinthe nokha mlingo, ndipo chonde mankhwalawa asasiyidwe mwadzidzidzi, pakuti kutero kumatha kudwalitsa munthu mwakayakaya. Popeza amachokera kutali, muzitumiza akadalipo a mwezi wathunthu m'nyumba.

Chakudya ndachitchula dala. Ndiwo monga nyemba, nyama, usipa, mazira ndi mkaka zimalimbirana njira ndi levodopa m'matumbo, ndiye piritsi lomwera pamodzi ndi nsima ya nyemba limatha kugwira ntchito mochedwa kapena mofooka. Ambiri amathandizika akamwa patatsala theka la ola kuti adye. Musawamane ndiwo, akufunika mphamvu. Mapiritsi owonjezera magazi nawonso asamwere limodzi. Ndipo funsani mayi mwakachetechete ngati bambo akupita kuchimbudzi bwinobwino, chifukwa kudzimbidwa ndi mnzake wa matendawa, kumapweteketsa m'mimba ndi m'chiuno, komanso kumachedwetsa mankhwala. Madzi ambiri, masamba, papaya, phala la mgaiwa.

Za bufeni wa tsiku lililonse zikundidetsa nkhawa. Kwa munthu wa zaka 69, mankhwala a gulu limeneli, pamodzi ndi indosidi ndi diclofenac, amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuononga impso ndi kukweza BP. Panado ndi wofatsirako, koma asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku, ndipo ngati bambo ndi owonda achepetse kuposa apo. Ululu wa mitsempha uli ndi mankhwala akeake monga gabapentin ndi amitriptyline, koma kwa okalamba amatha kubweretsa chizungulire ndi kusokonezeka maganizo, ndiye ndi a dokotala amenewo. Lembaninso pachikuto cha kope lija mayina awa: metoclopramide, haloperidol, chlorpromazine. Amaperekedwa pa kusanza kapena munthu akabalalika, koma amatsekereza dopamine ndipo wodwala Parkinson amaumiratu. Aliyense wowalembera mankhwala aziuzidwa za matenda awo.

Wina adzakuuzani za kalongonda, ndikudziwa. N'zoona kuti nyemba zimenezi, zomwe ndi mtundu umodzi ndi chitedze, zili ndi levodopa wachilengedwe, ndipo n'chifukwa chake amayi amaziphika nthawi yaitali akutaya madzi. Koma mphamvu yake imasiyana nyemba ndi nyemba, ndipo kuziphatikiza ndi mapiritsi popanda woyang'anira kungawapweteke bambo. Za mphini, atsibweni muwayankhe mwaulemu, akufuna kuthandiza. Koma vuto silili pakhungu, ndipo mabala pa phazi la munthu wokalamba amachedwa kupola.

Phewa ndi msana zimafuna mafizo. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi madipatimenti ake, ku Blantyre kulinso chipatala cha mafizo cha Kachere. Ngakhale ulendo umodzi wokha ndi waphindu ngati apita ndi munthu woti aphunzire zochita kunyumba. Kwathu tikakonda wodwala timamuyalira mphasa n'kumuletsa kugwira chilichonse. Pa matenda awa chikondi chotero chimaumitsa thupi. Asiyeni bambo azitonola chimanga, azithirira mbewu za pakhomo, aziyenda mpaka pachitsime akuponya miyendo patali ndi kugwedeza manja dala. Azichita zimenezi nthawi imene mankhwala ali pachimake. Malume ankayendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, m'mawa uliwonse, ndipo tinkalemba ndi khala pamene afika.

Komabe si ululu uliwonse umene tiziukankhira kwa Parkinson. Ngati msana ukuwawa malo amodzi usiku wonse, bambo akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena akutentha thupi, akayezedwe TB ya msana, komanso prostate poti ndi abambo a msinkhu umenewu. Ululu wa pachifuwa, ululu wobwera atagwa, miyendo kufooka mwadzidzidzi, mkodzo kukanika kapena kungotuluka wokha, zimenezo ndi zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Mapazi oyaka moto akayezetse shuga.

Pomaliza, mayi. Munthu amene amadzutsidwa 4 koloko tsiku ndi tsiku kwa miyezi amayamba kuyankhula mawu amene mumtima mwake mulibe. Akufunika wowalandira masiku ena kuti agone. Bambo nawonso muwafunse za mumtima, chifukwa matendawa amabwera ndi kukhumudwa ndi nkhawa, ndipo munthu wosweka mtima ndi wosagona amamva ululu kwambiri. Zimenezinso zili ndi chithandizo, muzitchule kwa dokotala.

Mukawaimbira foni bambo Loweruka lino, musafunse kuti "muli bwanji", chifukwa adzati ali bwino kuti musadandaule muli kutali. Afunseni kuti phazi linawagwira nthawi yanji lero, ndipo linamasuka patapita nthawi yaitali bwanji atamwa piritsi. Mudikire, adzayankha mochedwa komanso motsitsa. Kope likadzaza masabata awiri, mulijambule munditumizire, tidzaonere limodzi mafunso oti mukafunse dokotala.