Achemwali, mwanayo amve kaye zimene zinandionekera ine

Achemwali, ndangowerenga za mwana wanu amene wasankhidwa metallurgy ndi materials (maphunziro a kuyenga zitsulo ndi kuyeza zipangizo) ku yunivesite ya MUST, mtima wanga wangoti phaa. Amene akukuuzani muno kuti migodi ikubwera, ntchito zidzakhala mbwee, musawamvere kwambiri. Ifenso anatiuza choncho. Kayelekera ku Karonga itatsegulidwa mu 2009 tonse tinkalota zokagwira kumeneko, kufika 2014 mtengo wa uranium utagwa mgodi n'kuima. Ine nditamaliza zaka zanga zisanu za kuyunivesite ndinabwerera kwathu ku Lizulu, ndipo ndinakhala zaka ziwiri ndikuthandiza amayi kugulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa M1, digiri ili m'sutikesi.

Ntchito yoyamba ndinaipeza kwa kontirakita wina amene ankamanga kamlatho kuno ku Ntcheu. Dzina sinditchula. Anandilemba kuti ndiziyang'anira konkire, malipiro ochepa, koma ndinasangalala kuti tsopano ndigwiritsa ntchito zimene ndinaphunzira. Sabata yoyamba yomwe ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Mchenga ankautapa kumtsinje, wodzaza dothi, ukaufumbata m'manja umatsala utaumbika ngati nsima. Foromani ankachepetsa matumba a simenti, ndipo anyamata akadandaula kuti konkire ikulimba kupalasa ankangowauza kuti thirani madzi. Aliyense amene anakhalapo mu labu akudziwa kuti madzi akachuluka mphamvu ya konkire imatsika. Ndinanena kangapo, yankho linali loti "iwe mwana wa dzulodzuloli, ife tamanga milatho usanabadwe."

Ma cube, timabuloko ta konkire toyezera mphamvu yake, ndinaumba ndekha, ndinalemba madeti ndi msomali pamwamba pake, n'kuwaviika mu diramu la madzi. Atakwana masiku 28 tinawanyamula kupita nawo ku labu ku Lilongwe. Pepala linkafuna kuti mphamvu ya konkire ifike pa 25. Makina atayamba kufinya yoyamba, inangophwasuka ngati buma la m'munda, nambala n'kuima pa 13. Yachiwiri 14. Mnyamata wa pamakinayo anandiyang'ana osanena kanthu, kenako anatola chidutswa n'kuchifikisa ndi chala, mchenga kumangoyoyoka. Ine thukuta lili kamukamu kumsana.

Madzulo ake abwana anandiitanira m'galimoto mwawo, magalasi atatseka. Anatulutsa fomu ina yolembedwa kale manambala abwino, n'kundipatsa cholembera. Akuti saina apa, ma cube ena tiumba apadera ndi simenti yambiri. Ndinaganiza za amayi a ku Tsangano amene amadutsa malo ngati amenewo dengu lili pamutu, mwana ali kumbuyo, mtsinje utadzaza mu Januwale. Ndinakana. Dzanja linkanjenjemera, mawu ankatuluka movutikira, koma ndinakana. Patapita masiku atatu, pamaso pa injiniya woyang'anira ntchitoyo, bwana yemweyo anaimirira n'kunena kuti ine ndi amene ndinaumba ma cube molakwika, sindidziwa ntchito, digiri yanga ndi ya pepala chabe. Foromani amene ankagulitsa simenti usiku anali pomwepo akugwedeza mutu. Anandichotsa, malipiro a miyezi iwiri sindinawaone mpaka lero. Ndinakwera minibasi ndilibe ngakhale ya chimanga chootcha, ndipo nditafika kunyumba ndinalephera kuwauza amayi, ndinangoti ntchito yatha. Anthu oterewa ndi amene akuwononga dziko lino, amadya ndalama za simenti kenako mlandu n'kuusenzetsa mwana amene alibe womuyankhulira. Zimandiwawabe.

Komabe musamuchotse pa kosiyo, achemwali. Apite. Rutile wa ku Kasiya (mwala umene amayengamo chitsulo cha titanium), miyala ya ku Kangankunde ku Balaka ndi Songwe Hill ku Phalombe zikayamba bwinobwino zidzafuna anthu odziwa kuyenga ndi kuyeza, ndipo sitingamangoitanitsa akunja. Chimene ndikupempha n'choti asadikire mgodi ngati mmene ndinachitira ine. Materials si zitsulo zokha. Kuli mafakitale a simenti monga Shayona ku Kasungu, kuli Malawi Bureau of Standards, kuli ma labu oyeza dothi ndi phula la misewu. Kuno kwathu komwe, dongo la ku Linthipe ndi labwino pa zoumba, akaone mmene amawotchera makapu ndi matailosi ku Dedza Pottery. Mabuloko a simenti nawo ali ndi msika tsopano popeza njerwa zootcha zikuletsedwa pa zomanga zikuluzikulu, ndipo ambiri amene akuumba sadziwa n'komwe muyezo. Ine pano ndi zimene zikundidyetsa, ndili ndi makina amodzi ndi anyamata anayi.

Pa holide asamangokhala pakhomo, akapemphe atachimenti ngakhale yosalipidwa, aphunzire kuwotcherera ndi kujambula pa kompyuta. Akamaliza akalembetse msanga ku Malawi Engineering Institution, bungwe lolembetsa mainjiniya. Ndipo akadzakumana ndi bwana ngati wangayo, asadzakane maso ndi maso m'galimoto ngati ine. Adzangoti ndisaina mawa, ajambule mapepala onse pa foni, atumize kwa injiniya woyang'anira asanagone. Ine ndinalibe chithunzi ngakhale chimodzi.

Ngati akufuna, mundipeze ku inbox, ndiyankhula naye ndekha Loweruka ndikatsika ku boma.