Kupusha filimu usiku: maminitsi okha sangakupulumutseni

Imelo ya achimwene ena yandikhudza sabata ino moti ndinadzuka usiku kukasanthula mubokosi la manegetivi akale. Akuti anajambula mapemphero a usiku wonse ndi HP5, filimu ya kampani ya Ilford ya liwiro (ISO) la 400, atayika kamera pa 3200, filimu yatuluka mbee ngati kajumbo ka shuga, ndiye akufunsa ngati ulendo wina angowonjezera nthawi yotsukira. Kumeneku ndiye kupusha: kujambula ngati filimu ili ndi liwiro loposa lake, kenako nkuitsuka nthawi yaitali mumankhwala.

Achimwene, ululu umenewo ndimaudziwa. Ine zinandichitikira kumudzi ku Ntcheu, mu June kukuzizira koopsa, agogo anga aakazi atakhala mukhitchini akuwotha moto uku akutong'ola chimanga mulichero, kakoloboyi kali pawindo kakufuka utsi. Ndinali ndi Pentax K1000 ndi lenzi ya 50mm, filimu ya Tri-X, nayonso ya 400, nditayika pa 1600, ndipo ndinkangotsatira kasingano ka mita yoyezera kuwala osaganiza kuti kakuwerenga lawi la moto osati nkhope yawo. Nditabwerera kutauni ndinatsuka mosamala kwambiri, kuyanika, kuyang'ana pagetsi. Moto unatuluka bii pa negetivi, wokongola zedi. Pomwe panayenera kukhala nkhope panali poyera, mumatha kuwerenga nyuzi kudzera pamenepo. Agogo anatisiya mvula isanagwe chaka chomwecho.

Nchifukwa chake ndimapsa mtima ndikamawona anthu pa YouTube akulankhula ngati kupusha ndi matsenga, ati Tri-X imafika 6400 bwinobwino. Ayi ndithu. Filimu ya 400 ndi ya 400 basi, mukayika pa 1600 mwaimana kuwala masitopu awiri, pa 3200 atatu (sitopu iliyonse kuwala kumachepa ndi theka). Kutalikitsa nthawi mumankhwala kumangokhuthalitsa mbali zomwe zinalandira kuwala kale, zowala zimawalitsitsa, greni (timadontho ta pachithunzi) imakula, koma mumthunzi momwe simunafike kuwala mulibe chomwe mankhwala angadzutse olo mutazisiya mpaka mawa. Ngakhale filimu ya Delta 3200, a Ilford eni ake amanena kuti liwiro lake lenileni ndi 1000, anangoipanga kuti izipirira kupushidwa. Ndiye vuto lanu silinayambire muthanki yotsukira, linayambira mutchalitchi muja musanadine shata.

Ndipo china, tisamachite manyazi kumusuntha munthu. Ndikanangonena kuti agogo tasenderani pang'ono kumoto, kapena kutenga koloboyi uja nkuyika pafupi nawo, bwenzi lero ndili nazo zithunzi za nkhope yawo. Ndinkafuna zooneka zachilengedwe, osawasokoneza, ndipo mpaka pano zimandiwawa.

Pali nkhani ya madzinso, yomwe matchati a kunja sakuuzani. Kawirikawiri amalemba za 20°C, koma kuno mu October madzi a pampopi amakhala ofunda ndipo mankhwala ofunda amathamanga, greni imachita kuoneka ngati mchenga wa kudambo. Ine ndimayika mabotolo mubeseni la madzi a ayisi mpaka themometa itsike, magetsi akazima furiji nkusungunuka ndimangodikira tsiku lina, filimu yomwe wachita kutuma munthu kuchokera ku Johannesburg siyochita nayo changu. Mukamatuma muziwauza isalowe muchikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, makina ounikira a kumeneko amaiwononga, makamaka ya 3200.

Za maminitsi tsopano

HP5 yesetsani kulekezera pa 1600. Nthawi ya mankhwala otsukira pa 20°C: Microphen yosasungunula (yosawonjezera madzi mukaikonza) ndi maminitsi 11, ID-11 yosasungunula 14, DD-X ya 1+4 (gawo limodzi la mankhwala, anayi a madzi) ndi 13. Mukakakamizika kufika 3200, Microphen 16. Tembenuzani thanki modekha masekondi 10 pa miniti iliyonse. Mankhwala a Rodinal asiyeni kaye, sathandiza mumthunzi. Pojambula yandikirani, mita iwerenge nkhope yokha, getsi kapena kandulo isalowemo, tsegulani lenzi yonse, shata pa 1/60 kapena 1/30 ya sekondi mutatsamira khoma nkugwira mpweya.

Manegetivi anuwo musataye, ayang'aneni limodzi limodzi. Pa 36 anga aja pali limodzi, cha kumapeto, pomwe agogo anawerama kuti auzire moto, lawi linawaunikira tsaya ndi diso limodzi ndi nsonga ya duku. Lagwedezeka pang'ono, greni ili ponseponse. Ndinalisindikiza ndipo amayi analipachika pabalaza pafupi ndi kalendala.